Kutsimphina pamaso pa agogo

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anapita kunkhondo zonse ziwiri za azungu. Yoyamba anali mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali. Yachiwiri anavala yunifomu n'kugwira mfuti. Kwathu ku Nkope sankakamba za nkhondo, chawo chinali mapazi athu. M'mawa uliwonse ankatiimika pakhonde adzukulufe n'kumatiyang'ana kuphazi mmodzimmodzi, osaseka. Tinkawaopa kuposa ng'ona.

Tsiku lina ndinaponda munga wa nsomba ya nkolokolo kugombe. Ndinabisa, koma phazi linatupa, ndipo anandiona ndikutsimphina pochokera kotunga madzi. Anandigwira pamkono.

"Yenda bwino, iwe. Asakuone."

"Ndani, agogo?"

Anayang'ana kumsewu, komwe kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe. "Wotsimphina timamulanda katundu n'kumusiya panjira. Afisi amakhala akutitsatira."

Lero ndakalamba, mawondo anatha. Koma ndikangomva mapazi a munthu kumbuyo kwanga, ngakhale popita kutchalitchi masanasana, ndimaluma mano n'kuwongola mwendo, kuyenda ngati palibe chikundiwawa.