Mipata ya m'Nyimbo za a Nsambo

A Nsambo ndi telala, koma mukawafunsa ntchito yawo amayamba atchula gitala, makina osokera n'kubwera pambuyo ngati mwana wopeza. Shopu yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Muli makina, tebulo lositira, ndi gitala yolendewera pa msomali womwe atelala anzeru amapachikapo masuti a eni ake.

Nyimbo amapeka okha, phazi likupalasa makina. Amaimba za zipi yokana kutseka, za abambo omeza mimba akamayezedwa m'chiuno, za msana wawo womwe. Koma kapekedwe kake nkachilendo: amaimba mzere umodzi n'kusiya mpata. Mpatawo unali wa akazi awo, omwe ankasita zovala kumbuyo kwawo. Bambo akaimba kuti, "Paunyamata ndinali wokongola ine," mayi ankavomera mwanyimbo, nsimbi ili m'manja: "Mboni zake zinatha kufa." Mawa nyimbo yomweyo, yankho lina, koma lonyoza basi. A Nsambo sanapekepo yankho ngakhale limodzi.

Mayi aja anamwalira chaka chatha. Mipata inatsala. Wometa tsitsi amauza makasitomala ake kuti mdala wapafupiyu wayamba kuiwala mawu, ndipo a Nsambo amamva bwinobwino, khoma lake ndi la matabwa. Kusita amasita okha tsopano, ndipo makolala akupsa.

Mwana wa mlongo wawo ali ndi situdiyo yojambulira nyimbo, kachipinda komata masiponji m'makoma. Ataona kuti mawu a malume ake ayamba kusasa, anati nyimbozi zijambulidwe asanatheretu. Anaitananso mtsikana wa kwaya kuti adzavomere m'mipata muja.

"Mawu ake ndi ati, bambo?" anafunsa mtsikanayo.

A Nsambo anakanda dazi. Zaka zonse zija ankangoseka n'kupitiriza kusoka, poganiza kuti chitsimecho sichiphwa. Mayankho amene anawasunga m'mutu sakanakwana nyimbo imodzi.

"Ingondinyoza, mwanawe. Ndikaimba, iwe undigwetse."

"Ndikunyozeni inu? Ndinu kholo langa."

"Kholo lake lopanda mano ili? Yambira pomwepo."

Anayesa. A Nsambo ataimba za kukongola kwawo, mtsikana uja anavomera ndi mawu okoma ngati a paukwati: "Mpaka lero mukuwala, bambo." Gitala inaima.

"Wandipha," anatero a Nsambo. "Munthu sanandiyamikirepo chonchi chikwatirire."

Mtsikanayo anapepesa, anayesanso, koma ulemu unamukanirira pakhosi. Mapeto ake anatsanzika, nati ali ndi kwaya masana.

"Malume, njira ilipo," anatero mwini situdiyo. "Imbani nokha. Mipatayo ndiidula pa kompyuta, mizere igundane. Pa wailesi salola nyimbo yokhala chete, anthu amayesa batire yatha."

"Ukadula, akazi angawo aima pati?"

Mwana wa mlongo wawoyo anangoyang'ana mabatani a kompyuta yake.

"Jambula momwemo. Wailesi isiye, ine si mlaliki."

Anaimba nyimbo yonse, mzere, mpata, mzere, mpata, chala chikungogunda nsambo yaikulu podikira. Mzere wina unali wa malipsitiki omwe anapezeka pa kolala ya malaya awo. Atatha anawaveka mahedifoni kuti adzimvere. Anamva mawu awo, okalamba kuposa mmene ankadziwira. M'mipatamo munali kulira kwa mpando ndi mpweya wa munthu wokonzeka kuseka, koma osaseka.

Anamvera mpaka kumapeto, maso ali pa masiponji. Kenako anavula mahedifoni, n'kuwapukuta ndi mpango ngati awadetsa.

"Bwerera pa mzere wa malipsitiki pa kolala paja," anatero. "Kompyuta yakoyo, poti imadula, kutalikitsa imatha?"

"Imatha, malume."

"Talikitsako pamenepo. Akakwiya ankachedwa kuyankha."