Chifukwa Chake Ankatchedwa a Tamani

Pa maliro a Elliam Chimwala ku Nkaya mwezi watha, mlaliki wina wa jekete yothina anauza anthu kuti malemuwo ankatchedwa a Tamani chifukwa ankakonda kutamanda Mulungu. Anthu n'kuvomera kuti ameni! Ine ndinatsokomola katatu koma palibe anandipatsa mpata, chikhalirecho pa gulu lonselo ndine ndekha amene ndinalipo tsiku limene dzinalo linabadwa. Ndiye ndalemba. Ngati mlalikiyo amawerenga, awerenge.

Elliam anali mwana wa munthu wokonza njanji. Anakulira pa siteshoni ya Balaka pakati pa amayi ogulitsa nsomba zouma, ndipo kumeneko anatolera Chiyao chokwanira kukanganira mtengo ndi kuthawira akakhala kuti waba. Ine ndinakumana naye ku sukulu yauphunzitsi ya mishoni. Pa masamu ndinkamuposa, pa Chingerezi ndinkamuposa, pa kulemba kokongola musafunse n'komwe. Iye ankandiposa pa kuseka basi. Anabwerekanso dikishonale yanga n'kuibweza ili ndi madontho a mango kuyambira pa M mpaka pa P. Sanapepese mpaka kufa.

Mu 1948 anatitumiza awiri ku kasukulu kaudzu pakati pa Ntaja ndi Chiuta kuti tikayesere kuphunzitsa. Pa mapeto pake woyendera sukulu ankabwera kudzaonera phunziro limodzi, ndipo zimene angalembe ndizo zinkapereka satifiketi kapena kuimana. Bambo ake a Elliam anali atanena kale kuti akalephera, malo ake alipo onyamula zitsulo za njanji.

Tinapeza ana makumi awiri ndi atatu, onse a mabanja achikhristu. Asilamu sankatumiza ana awo poopa kuti abatizidwa mozemba. Ine ndinati zawo zimenezo. Elliam iyayi. Masabata atatu anayenda khomo ndi khomo, kukhala pa mphasa, kuphwanya Chiyao mpaka nkhalamba kugwira m'mimba. Potsiriza a Swaibu, ogulitsa nsomba, anavomera.

"Mwana wanga Asiya ndikupatsani," anatero, "koma madzi a pamutu ayi. Ndodo, akalakwa. Akapanda kulakwa mukam'menya, ndidzatenga onse amene abwere naye."

Makolo ena anatsatira, ndipo anabwera ana asanu ndi anayi, osadziwa Chinyanja kupatula moni. Elliam sanawakhazike kumbuyo monga ndinamulangizira. Anawasakaniza ndi anzawo pa mabenchi adothi, sileti imodzi ana awiri, ndipo ankawalamula ndi manja ngati wotsogolera kwaya.

Anawo anali atangophunzira masiku anayi pamene woyendera anafika pa njinga. Anali a Jasten, munthu wa kumapiri a ku Ntcheu, wa kabudula wokhuthala ndi sitokosi zofika m'mawondo, amene Chiyao ankachimva ngati phokoso la mvula. Ankayenda ndi kansungwi kawo. Ine anandikhazika kumbuyo kuti ndidikire nthawi yanga.

"Ndiyamba ndine," anatero a Jasten, "muone mmene sukulu imatsegulidwira." Anakweza manja, ana onse n'kuimirira. Kenaka anafuula mawu oyambitsira nyimbo ya m'mawa: "Tamani Mulungu!"

Ana makumi awiri ndi atatu anatsegula pakamwa. Ana asanu ndi anayi anakhala pansi, phi!

A Jasten anaphethira. "Ndati tamani!"

Anawo anayang'anana. Takhala kale, nanga afuna tikhale motani? Mmodzi anatsika pa benchi n'kukhala pa dothi. Enawo anatsatira.

"Tamani! Tamani!"

Wina anapinda miyendo bwinobwino. Wina, pofuna kusangalatsa mlendo kotheratu, anagona chafufumimba. Asiya, mtima wabwino ngati bambo ake, anaona kuti mnzake Scholastica akadali chiimire ndipo alowa m'mavuto, choncho anamukoka diresi mpaka naye anagwa pansi, nyimbo ili m'kamwa.

Inu a masiku ano amene simudziwa kanthu, ndikuuzeni: kutama pa Chiyao ndi kukhala pansi. Ana aja sanali kunyoza Mulungu wa munthu. Anali kumvera ndi mphamvu zawo zonse.

A Jasten anapereka kansungwi kwa Elliam. "Mwandisonkhanitsira Asilamu kuti adzanyoze pemphero? Aliyense zinayi, pompano. Apo ayi satifiketi muiwale."

"Bambo, mwina ndifotokoze pang'ono..."

"Sindinabwere kudzaphunzira kwa inu. Kwapulani."

Ndinamunong'oneza Elliam kuti, "Achimwene, zinayi sizipha munthu. Ganizirani zitsulo za njanji." Ndikuvomera, ndinanena. Iye anandiyang'ana, m'maso muli kuseka kuja ndinkadana nako.

"Chabwino, bambo," anatero. "Wosamvera lamulo alandire zinayi. Ndingowaika mu dongosolo kaye. Nonse khalani pansi!"

Oimirira aja anakhala. A Jasten nawo anakhala pa mpando wokhawo umene sukuluyo inali nawo, napingasa miyendo kudikira chilango.

Elliam anakokera mpweya n'kufuula pa Chiyao: "Jimani!"

Asanu ndi anayi aja anadzambatuka ngati asilikali, fumbi kobo! Enawo anangoti kukamwa yasa, ali chikhalire.

Elliam anayamba kuwerenga ndi kansungwi kaja, mokweza, mosafulumira. "Mmodzi, awiri, atatu..." mpaka makumi awiri ndi atatu. Analoza ine. "Makumi awiri ndi anayi." Kenaka kansungwiko kanatembenuka pang'onopang'ono kulunjika ku mpando, n'kuima m'malere.

"Bambo, ndati imirirani, ndipo onsewa sanamvere. Inu munati khalani pansi, ndipo awa anamvera katatu konse. Ndiyambire mbali iti? Ndifunse msanga, chifukwa kansungwi n'kamodzi."

Kenaka Scholastica anafunsa ndi mawu aang'ono, "Aphunzitsi, abwanawo nawonso zinayi?"

Apo ndiye ndinaphulika. Ndinayesa kuluma mkono wa malaya, osathandiza. Ndinaseka mpaka kugwa pa benchi, ana onse n'kutsatira, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ena osadziwa n'komwe chosekedwa. Mbuzi imene inkasuzumira pa zenera inathawa.

A Jasten sanaseke. Analanda kansungwi kawo, nalemba m'buku nthawi yaitali. Palibe mwana anamenyedwa. Koma lipoti litafika ku mishoni linati Elliam Chimwala ndi wamwano, abwereze chaka. Ameneyo ndiye munthu amene anaphunzitsa phunziro labwino koposa onse amene ndinaonapo pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za ntchito yanga! Yemwe anali wosadziwa anakwera njinga n'kupita ndi ulemu wake, wodziwa n'kutsala. A Jasten anamwalira kalekale, koma ine sindinawakhululukire.

Bambo ake a Elliam atamva, anabwera naye ku njanji monga ananenera. Elliam ananyamula zitsulo miyezi iwiri ya tchuthi, mapewa kusupuka. Koma nkhani inali itayenda ndi ogulitsa nsomba kuchokera ku Chiuta mpaka pa siteshoni, ndipo amayi aja akamuona ankakuwa, "A Tamani! Jimani!" n'kufa nacho chiseko. Mdala uja anafunsa chimene chikuseketsa. Atamufotokozera anaseka mpaka kutaya chipewa, ndipo anamulola kubwerera kukabwereza chaka chija.

Elliam satifiketi anailandira mu 1949, ndipo anapempha yekha kasukulu komwe kaja. Pa tsiku lotsegulira anapeza a Swaibu ali pakhomo ndi ana khumi ndi asanu ndi awiri, ndi mtolo wa nsomba wa aphunzitsi.

Ine satifiketi ndinailandira chaka choyamba chomwecho, koma a Jasten anandichotsera mamalikisi asanu chifukwa cha "kuseka mosayenera mphunzitsi". Nsomba zija Elliam sanandigawireko ngakhale mutu.