Kathalakitala ka alamu kalowa mu ofesi

Mwaswera bwanji nonse.

Ine lero mtima suli m'malo. Masana ano abwana a esiteti ya tiyi anaimitsa galimoto pakhomo pa alamu athu a Mulipa, amuna a Esinati. Anaona kathalakitala kamawaya kali pakhonde, anatsika n'kukanyamula. Akuti kazikakhala pa tebulo mu ofesi yaikulu kuti alendo azikaona.

Nonse mukudziwa kuti a Mulipa ndinawaphunzitsa ndine kupanga zidole zamawaya chaka chathachi. Poyamba sankatha ngakhale kupinda gudumu kuti lizungulire bwino.

Koma ndisaname, kathalakitalako kapangidwa bwino. Kumbuyo kuli ngolo ya zitini, ndipo m'ngolomo aikamo timadengu toluka ndi udzu, tating'ono ngati chala chachikulu, todzaza masamba enieni a tiyi. Abwana ananunkhiza kadengu kamodzi n'kuseka. Zaka zonsezi ndakhala ndikupanga malole, nzeru imeneyo sinandibwererepo, ndipo n'chimene chikundiwawa kwambiri.

Ndinali chiimire pomwepo, lole yanga yofiira ili m'manja. Abwana anawafunsa kuti, "Luso limeneli munaphunzira kuti?"

Alamu anayankha kuti, "Ndi mphatso ya Mulungu, bwana." Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinangotembenuka n'kubwerera kwathu.

Pano alamuwo anditumizira uthenga. Akuti abwana akufunanso lole yonyamula tiyi, koma iwo malole sawatha, ndiye mawa ndipite ndikawathandize.

Amalume, achemwali, mukuti bwanji? Ndipite, kapena ndiwauze kuti adikire mphatso inanso?