A Weramani ndi Mizinda Iwiri

Achimwene anga ndi wometa. Dzina lawo lenileni ngakhale ine mlongo wawo ndimachita kulikumbukira, chifukwa msewu wonse umangoti a Weramani. Ndiwo moni amene amapatsa aliyense wokhala pampando wawo: "Weramani pang'ono, bwana." Ine ndimasoka makatani m'chipinda choyandikana ndi shopu yawo, ndipo chotilekanitsa ndi thabwa lopyapyala basi. Zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa, zinkalowa zokha m'khutu.

Mizinda yathu ndi iwiri yoyang'anizana, pakati pali mtsinje ndi mlatho. Pa basi ndi ola limodzi. Ife tili Kumunsi, kwa mafakitale, fumbi ndi mahutala. Kumtunda ndi kwa maofesi, misewu yotakata ndi anthu oyenda ngati asiya poto pamoto. Alamu anga, akazi awo a achimwene, anapeza ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina Kumtundako. Popita anagwirizana kuti achimwene ayambe aona kaye kwabwino n'kuti, kenako banja likhale pamodzi. "Miyezi itatu yokha," anatero achimwene. Zinatha zaka zisanu ndi zinayi.

Si ulesi ayi, komanso musaganize kuti panali wina wapambali. Mtima wawo unali pa alamu ndithu. Vuto la achimwene ndi lakuti mutu wawo suganiza pawokha, umaganiza ndi mutu umene uli pampando. Aliyense wobwera kudzametetsa ankamufunsa funso limodzimodzi nsalu isanafike n'komwe m'khosi: "Kodi inu mukaona, kwabwino n'kuno kapena Kumtunda?"

M'mawa kubwere woyendetsa lole. "Kumtunda? Kumene kuja ndi kumanda koyaka magetsi. Mutha kufera m'nyumba, aneba n'kudzadziwa patatha sabata."

"Zoona zimenezo, zoona," ankatero achimwene. "Ndiwauza mayi akunyumba abwerere kuno."

Masana kubwere mphunzitsi. "Inu mukudikira chiyani m'khola muno? Kumtunda madzi sasiya pampopi, magetsi sathima, minibasi imanyamuka isanadzaze."

Mphunzitsi asanafike pamsewu, ndinkamva katoni ikukokedwa kunsi kwa benchi, achimwene akulongedza zipeso ndi masizasi. Madzulo wina awauze zina, amasule. Katoni imeneyo inavutika mpaka inang'ambika m'makona.

Chimene chinkawazunguza mutu kwambiri n'chakuti anthu akuno ambiri ankatamanda Kumtunda, pamene a Kumtunda obwera kudzaona abale ankati kuno ndiye kuli moyo. "Ndiye wabodza ndani, chemwali?" ankandifunsa kudzera pathabwa.

"Nonse, kuphatikizapo inuyo," ndinkayankha.

Chaka chachinayi analimba mtima n'kupita kukayesa mwezi umodzi. Mnzawo wina anawapatsa mpando m'shopu yake yamagalasi mbali zonse. Anabwerako atawonda. Akuti kumeneko munthu amalowa, kuloza chithunzi pakhoma, kukhala pansi n'kutsinzina. Achimwene anafunsa bambo wina wataye kuti, "Kunyumba ali bwanji?" Bamboyo anatsegula diso limodzi n'kuti, "Mumawadziwa?"

Tsono achimwene sayang'ana wotchi pometa. Amadziwa kuti mutu watha nkhani ikatha. Munthu akayamba za mpira ndi mphindi khumi, akayamba za apongozi ndi theka la ola. Kumtunda nkhani kunalibe, ndiye dzanja silinkadziwa poimira. Bambo wataye uja ankafuna kungochepetsa m'mbali, koma anadzuka mutu uli mbee ngati bondo.

"Kumene kuja sikokhala munthu," anatero atabwerako, ndipo ine ndinati zikomo, mwina tsopano aitana alamu. Tsiku lachitatu lake magetsi anathima ali pakati pa mutu wa mnyamata amene ankakwatira mawa lake. Mbali imodzi yometa, ina thengo. Mkwati anakhala maola anayi atafunda thaulo kumutu, akutukwana, achimwene akuthandizira kutukwanako. "Kuno sikokhala munthu!" anakuwa achimwene. Ndinaponya sizasi pansi. Nanga munthuyo akakhale pamlatho?

Alamu ankabwera Lamlungu lililonse atanyamula malaya a achimwene ositasita. Ankakhala pabenchi ya makasitomala, n'kufunsa mofatsa, "Abambo, mwaganiza bwanji?" Achimwene ankayamba kuwerengera pazala. Kuno anthu amandidziwa, koma fumbi. Uko kuli ukhondo, koma moni kulibe. Kuno chipatala chili pafupi, koma mzere wake. Uko ntchito yanu ndi yabwino, koma ine dzanja silidziwa poimira. Zala zinkatha, yankho osapezeka. Alamu ankangoti, "Chabwino, muganizebe."

Kenako anayamba kubwera kawiri pamwezi. Kenako kamodzi. Chimene chinandiopsa ine si chimenecho, koma kuti anasiya kufunsa. Ankafika, kupereka malaya, kucheza za mvula, n'kukwera basi ya masana. Ndinawauza achimwene kuti mkazi akasiya kufunsa zinthu zafika poipa. Anati, "Ayi, wangomvetsa kuti nkhaniyi ndi yovuta." Ndinalankhula pathabwa, ndinalankhula pakhomo, ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Mawu anga ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa ine sindinali kasitomala.

Tsiku lina Lachiwiri magazi anandiwira. Ndinasiya katani pamashini, kulowa m'shopu, kuvula duku n'kukhala pampando.

"Iwe, watani?"

"Ndimeteni. Si paja mumamva mutu wokhawo umene uli apa?"

Anaseka, koma ataona nkhope yanga anandikoleka nsalu m'khosi. Tsitsi limenelo ndinalisunga zaka zinayi, ndipo pamene linayamba kugwera pamiyendo mtima unandipweteka. Koma ndinalankhula. Ndinati mizinda yonse iwiri ndi yoipa, yonse iwiri ndi yabwino, ndipo palibe umene udzawafunditse bulangete akadzadwala. Ndinati Kumtunda kuli chinthu chimodzi chimene kuno kulibe, ndipo chinthucho chimasita malaya awo. Achimwene ankangometa, mashini akulira. Nkhani yanga inali yaitali, ndiye mukudziwa kale mmene mutu wanga unathera.

Atazimitsa mashini anati, "Zoona zimenezo." Ndinadzuka msangamsanga n'kukhoma chitseko ndi loko kuti pasakhalenso mutu wina pampandopo.

Loweruka tinapeza galimoto yonyamula katundu. Tinakweza mpando wometera, galasi litakulungidwa m'makatani anga, benchi, matiresi ndi katoni yatsopano. Achimwene anakana kuimbira foni alamu, ati akufuna akaone chimwemwe chawo ndi maso. Njira yonse ankayang'ana m'mbuyo. Pamlatho anayamba kuti, "Komatu fumbi lija munthu umalizolowera," ine n'kuwaponda phazi.

Alamu amakhala m'chipinda chimodzi, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ine ndinali ndisanafikeko. Tinakwera masitepe, dalaivala n'kutsala pansi ndi katundu. Alamu anatsegula chitseko atavala yunifolomu, akukonzekera kupita kuntchito ya masana.

"Ii, alendo! Lowani, lowani. Alamu, tsitsi lija lapita kuti?"

Chipindacho chinali chaukhondo moti ndinachita manyazi ndi mapazi anga. Bedi laling'ono la munthu mmodzi, tebulo lositira, wailesi, maluwa m'zitini pawindo. Chilichonse chinali ndi malo ake, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku osaona pamene mpando wometera ungaime. Mpando wokhalira unali umodzi. Anaupereka kwa achimwene, ine ndinakhala pabedi. Kapu yachiwiri anakabwereka kwa aneba, tiyi wachitatu anathira m'botolo la jamu.

Achimwene anakhosomola. "Mayi, ndabwera."

"Mwachita bwino," anatero alamu akutakasa shuga. Munalibe mkwiyo m'mawu awo, ndipo ndikanakonda ukanakhalamo. Anawapatsa kapu ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kufunsa, "Mukhala masiku angati? Ndifunse kwa aneba ngati angatibwereke matiresi."

Achimwene anaika kapu patebulo lositira. Pansi dalaivala analiza hutala kawiri, kenako anakuwa, "Bwana, titsitse kapena?"

Alamu anapita pawindo, nasuzumira pakati pa maluwa awo. Anaona mpando, galasi, benchi ndi matiresi. Anaima pamenepo nthawi yaitali atatipatsa msana, supuni ikadali m'manja.

Achimwene anatembenukira kwa ine, maso ali tong'o, n'kunong'ona, "Chemwali, titsitse?"

Ine amene ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi ndikukuwa pathabwa kuti yankho n'losavuta, ndinangogwira mutu wanga wopanda tsitsiwo.