Moni wa mwana si wanu

Lachinayi lapitali ndinakhalitsidwa chete ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Ine! Munthu amene ndimalengeza maliro ku Machinjiri kuno popanda chimkuzamawu, a kutsidya kwa mtsinje n'kumamva bwinobwino.

Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Tadala, wa zaka zinayi. Anabadwa ndi vuto losowa, moti madokotala ankachita kuitanizana kudzamuona. Dzina la vutolo musandifunse, lili ndi manambala ngati galimoto. Chimene ndinagwirapo n'chakuti kumwamba kwa m'kamwa mwake kunali kong'ambika, anamusoka, ndipo mawu amabwera mochedwa, ena n'kumatulukira m'mphuno. Koma mutu ndi wakuthwa. Akabisa rimoti, nyumba yonse imagwada.

Tsono azakhali ake, mwana wanga woyamba Esinati, anali atagamula kale kuti mwezi ukatha apita naye ku Nancholi kwa mayi wina wodula pansi pa lilime ndi lezala. Akuti lilime linamangika. Mpongozi wanga, mayi a Tadala, ankangolirira kuchipinda, poti kutsutsa alamu ako si masewera.

Ndiye ndinaperekeza mpongoziyo ku chipatala chachikulu, kwa mtsikana uja. Ntchito yake ndi kuphunzitsa ana kuyankhula. Inde, ntchito imeneyi iliko! Anasuzumira m'kamwa mwa Tadala, nati lilime lilibe mlandu, lezala isayandikire. Kenako ananyamula mpira ndi kapu, n'kufunsa Tadala chimene akufuna. Ine monga mwini mbumba ndinayankha kuti mpira. Anamufunsa dzina, ndinapereka, la bambo ake lomwe ndinawonjezera.

"Agogo," anatero, "inu kuyankhula mumatha kale. Lero tabwerera uyu."

Anafotokoza kuti mwana wotere amafuna nthawi yosonkhanitsa mawu. Tikamamulanda funso lililonse, amaona kuti palibe chovutikira. Ndipo akaloza ndi dzanja, nako n'kuyankhula, tizilandira kenako tizimutchulira chinthucho pang'onopang'ono.

Musaganize kuti mlanduwu ndi wa ine ndekha. Ayi, ndi wa Blantyre yense. Mlendo akapatsa moni mwana, amayankha ndani? "Ali bwino, koma kachimfine." Mwiniwake pakamwa sanatsegule n'komwe. Kuchipatala wodwala ali gone maso ali psuu, womudikirira ndiye akulongosola pamene pakupweteka. Mu minibasi kondakitala akafunsa mayi kotsikira, bambo ndi amene amati pa Kameza. Timati ndi chikondi. Chikondi chotafunira munthu wamano?

Lamlungu masana kunabwera Che Jafali, telala, mnzanga wakalekale. Esinati analipo. Che Jafali anapereka moni kwa aliyense, n'kufika pa Tadala, dzanja atatambasula: "Muli bwanji, amayi?"

Milomo itatu, wa Esinati, wa mpongozi ndi wanga womwe, inatseguka nthawi imodzi. Apa ndiye mawu anga anagwira ntchito yake. Ndinakuwa kuti chete, mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Tadala yekha sanadzidzimuke, phokoso limeneli anakuliramo.

Tinadikira.

Abale, kudikira kumawawa. Lilime linkandiyabwa ngati ndanyambita chitedze. Dzanja la Che Jafali linali likadali m'malere. Esinati anakoka mpweya kuti ayankhe, ndinamuthira diso, anaumeza. Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sananene kuti umatuluka thukuta.

Kenako, motsitsa, kudzera m'mphuno: "Ino." Anapuma. Anagwira dzanja lija. "Aya inu?"

Anabweza moni! Palibe anamuphunzitsa zimenezo. Wakhala akumva moni ukudutsa pamutu pake ngati ndege, iye n'kumasunga. Che Jafali anakhala pansi pa simenti, n'kumuyankha ngati munthu wamkulu: bondo likuvuta, magetsi akuzimazima, makasitomala akufuna zovala dzulo. Tadala ankangogwedeza mutu ngati akumvetsa za bondo.

Za ku Nancholi Esinati sanatchulenso. Pochoka anangofunsa mlamu wake kuti kuchipatala abwereranso liti, akufuna apite nawo. Ndinamuchenjeza kuti kumeneko amatontholetsa anthu osaona msinkhu.

Sindikunena kuti mwana wachira. Mawu ambiri akadali kutali, ena mwina adzatuluka okhota mpaka kalekale. Koma kwanuko, mwana amene mumauza alendo kuti sayankhula uja, munayamba mwamufunsapo kanthu n'kutseka pakamwa panu?