Ndinazula Waya wa Kompyuta ya Che Adamu

Waya uja ndinazula ndine. Ndanena basi.

Pashopu ya Che Adamu ku Limbe, pomwe timadula masitika a maminibasi, pali kompyuta yachikale ya chimsana chachikulu, yomwe inagulidwa ine ndili ku pulayimale. Makina odulira samvana ndi kompyuta ina iliyonse, n'chifukwa chake ili ndi batire lakelake. Lamulo ndi limodzi: isazime mwadzidzidzi.

Lachisanu lina magetsi anazima, abwana ali ku mzikiti, foni yanga itatsala pang'ono kuthima. Ndinazula waya wa kompyuta yokalambayo pa batire n'kulowetsapo tchaja ya foni, iyo ili mkati modula sitika ya kasitomala.

Atabwera ndinati, "Yangozima yokha, bwana."

Kuyambira tsikulo imayaka monyinyirika, ikulira ngati chigayo. M'mawa uliwonse ndimadina batani ndikuopa kuti lero sidzuka, tonse n'kukhala pa ulova.

Dzulo Che Adamu anaisisita pamsana, n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Mwanawe, ikadzafera m'manja mwako usadzadandaule. Ndi ukalamba, si iwe ayi."

Ndinangoti, "Zikomo bwana," foni ili phee m'thumba, itadzaza bwinobwino.