Tsiku Limene Madamu Anafuna Kunyamula Khanda Langa

Ku koleji ku Blantyre ankandikumbukira pa tsiku la zikhalidwe, kapena kukabwera alendo. Pamenepo ndinkasanduka "mtsikana wathu wa kwa Nyachikadza", n'kundiuza kuti ndipereke moni m'Chisena. Masiku enawo anzanga ankaseka ndikamalankhula, ati ndimachita kuimba. Satifiketi ndinatenga, koma mpaka lero sindidziwa ngati ananditenga chifukwa cha mutu wanga kapena chifukwa cha madambo akwathu.

Nditabwerera kwathu n'kuchira mwana, madamu oyang'anira ophunzira ochokera kutali anandiimbira foni. Anati akubwera ndi wojambula, anthu aone kuti koleji imafika ndi kwa asodzi komwe. Anatchulanso za malo a dipuloma, mongodutsa. Malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse, komano bwanji anawatchula tsiku lomwelo?

Anatsika m'bwato thukuta lili kamukamu. Khanda linali lisanatengedwe mwamwambo, ndipo kwathu mwana wotere sanyamulidwa ndi mlendo, poti sudziwa kumene wagona, angamutsemphe. Ndikudziwa, za tsempho sitinaphunzire m'kalasi. Koma mwanayu ndi woyamba, ndipo ankapuma ngati kambalame.

"Bwera naye kuno ndimunyamule," anatero madamu, manja atatambasula kale. "Chithunzi chikoma chimenecho."

Apongozi anga aakazi anaima pakhomo. "Nkhabe."

"Akuti chiyani mayiwa?"

"Akuti ayi, madamu."

Madamu anaseka. "Iwenso, ndi sukulu yonse ija? Chikhalidwe timalemekeza, komatu zinazi..."

Ndinadikira kuti mwina afunsa chifukwa chake. Sanafunse. Wojambula anali atayamba kale kusuntha ukonde wa apongozi aamuna kuti uzioneka bwino kumbuyo, osapempha n'komwe. Mkaka unkatuluka wokha.

"Jambulani ineyo," ndinatero. "Mwana ayi."

Anandijambula nditaima pa ukondepo, manja ali lende. Madamu anatsanzika bwinobwino, nsomba zouma analandira, koma za dipuloma sanazitchulenso. Chithunzicho ndinadzachiona pa foni ya mnzanga, m'munsi mwake atalembamo kuti aliyense ali ndi malo.

Mwana pano akukwawa. Bambo ake amandiuza kuti ndingowaimbira madamuwo ndimve chimodzi. Nambala ndimaiyang'ana, kenako foni n'kuibweza pachitenje.